Chikoka cha Masewera a M'ndende za Pansi pa Nthaka

Mwa masewera a pakompyuta ulipo mtundu wina umene wakhala ukukopa anthu kwa zaka zoposa 40. M'masewera amenewa munthu amatsikira m'ndende za pansi pa nthaka, mmene muli mdima, zilombo ndi chuma chobisika. Mphunzitsi wofuna kudziwa mitima ya ana ake ayenera kudzifunsa kuti: kodi chikoka cha masewera otere chagona pati? Tiyeni tiyese kuyankha funsoli poona masewera otchedwa Rogue.

Masewerawa anapangidwa mu 1980 ndi Michael Toy ndi Glenn Wichman, ophunzira a pa University of California ku Santa Cruz, ndipo pambuyo pake Ken Arnold anawathandiza. Zina anazitengera ku Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene anatuluka mu 1974. Mu Rogue munalibe zithunzi ayi. Wosewera anali chizindikiro cha @, ndipo zilombo zinali zilembo kuyambira A kulekeza Z. Chilembo cha D chinali chinjoka. Ntchito ya wosewera ndiyo kutsika kufikira chigawo cha 26, kukatenga chithumwa chotchedwa Amulet of Yendor, ndi kubwerera nacho kumtunda ali wamoyo.

Chikoka choyamba ndi ichi: nthawi iliyonse munthu akayamba masewera, kompyuta imamanga ndendeyo mwatsopano. Zipinda, tinjira ndi misampha zimasintha malo, kotero kuti palibe amene angaloweze njira pamtima. Ngakhale amene anazipanga sankadziwa chimene chili kuseri kwa chitseko.

Chachiwiri, imfa ya m'masewerawa siibwezeka. Wosewera akaphedwa, zida ndi mphamvu zonse zimene anasonkhanitsa zimatayika, ndipo ayenera kuyambiranso pachiyambi. Chifukwa cha ichi, phazi lililonse limene aponda lili ndi mtengo wake. Komabe zilombo sizisuntha kufikira iye atasuntha, motero ali ndi nthawi yolingalira. Apa ndi pamene mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umapherezeka.

Chachitatu, munthu amatola mabotolo a mankhwala osadziwa ntchito yake. Ena amachiritsa, ena amachititsa khungu, ndipo mtundu wa botolo lochiritsa lero suli womwewo mawa. Njala nayonso imam'kankha, pakuti akachedwa pamalo amodzi chakudya chimam'thera. Choncho mantha amam'kokera kumbuyo pamene njala ndi chidwi zikum'kokera pansi. M'kulimbana kumeneku ndi mmene muli kukoma kwenikweni.

Nzeru zimenezi sizinafe. NetHack ya mu 1987 inazikulitsa, ndipo masewera ambiri a masiku ano amatchedwabe ndi dzina lochokera ku Rogue.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, phunziro lalikulu ndi lakuti chilembo chimodzi chokha chinatha kugunditsa mtima wa munthu. Wosewera ndiye amene ankajambula chinjokacho m'maganizo mwake, monga momwe womvera nthano amaonera chilombo chimene wokamba wangochitchula dzina. Tsono mphunzitsi asafulumire kunena kuti ana okonda masewerawa ndi aulesi. Amene amapirira kugonja kambirimbiri nayambiranso ali ndi khama ndithu. Chofunika n'chakuti phunziro lathu nalonso likhale ndi chitseko chimene mwana alakalaka kutsegula.