Mafuwa alipo atatu, koma osonkha moto ndife

Mayi aliyense adziwa kuti mphika sukhala pa fuwa limodzi. Cimodzimodzi citukuko ca m'midzi mwathu kuno kum'mawa cikhala pa mafuwa atatu: boma, mabungwe osafuna phindu monga a mipingo, ndi makampani amalonda. Ambiri a ife timangomva kuti thandizo linabwera, koma njira imene linadzera sitiidziwa. N'cifukwa cake nthawi zina limatipitirira.

Tiyambe ndi cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinatsegulidwa mu 1948. Ciyendetsedwa ndi mpingo wa Anglican pamodzi ndi wa Katolika, ndipo boma limatumizako anchito ndi kuwalipira. Cipatalaci cili m'bungwe la CHAZ, lomwe linayamba mu 1970 kuti zipatala za mipingo zizikamba ndi boma ndi mawu amodzi. Wodwala akagonekedwa pa bedi safunsa kuti namwino walipidwa ndi yani. Iye afuna kucira cabe, ndipo amacira cifukwa mpingo ndi boma anagawana nchito.

Ku cigwa ca Luangwa nkhani ndi ina. Kumeneko njala inali kukankhira abambo ambiri ku ufisi wopha nyama za m'thengo mobisa. Mu 2003 kunayamba COMACO, motsogoleredwa ndi a Dale Lewis. Bungweli linaona kuti kumanga munthu wanjala sikucotsa njala. Linapempha osaka nyama kuti apereke mfuti ndi misampha ya waya, nawaphunzitsa ulimi wosunga nthaka, kuweta njuci ndi kubzala mitengo ya gliricidia m'minda. Pambuyo pake limagula nshawa, uci ndi mpunga wa ku Chama, ndi kuzigulitsa m'masitolo a m'tauni pa dzina la It's Wild! Apa cifundo ndi malonda zayendera pamodzi. Koma tione bwino: alimi amene amapindula ndi aja amene analowa m'magulu ndi kusunga pangano lawo.

Nalo boma lili ndi njira zake. Pulogalamu ya fataleza wotsika mtengo inayamba mu 2002, ndipo mu 2009 inachedwa FISP. Kuyambira paciyambi, mlimi anali kulembetsa kudzera mu kopaletivi kapena gulu la alimi. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Ndalamazi zimanga makalasi, timilatho ndi zitsime, komanso zilipirira ana osauka sukulu. Koma pempho liyambira pansi, ku komiti ya citukuko ya mu wadi. Mudzi umene sutumiza munthu ku msonkhano wa wadi, mjigo wake ukakumbidwa kwina.

Sitikunena kuti zonse ziyenda bwino. Fataleza akafika mvula itagwa kale, mlimi wataya caka. Ogula ena amabwera ndi sikelo yabodza pa nthawi imene tifuna ndalama za sukulu. Mabungwe ena amacoka ndalama zikatha, ndi kusiya cikwangwani cokha pamseu. Ifenso tili ndi mlandu wathu: makopaletivi ongodzuka pa nyengo ya fataleza, ndi kugulitsa pambali thonje lomwe tinatengera mbewu pa ngongole.

Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa zambiri. Pa 29 February caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Boma, mipingo ndi mabungwe anayamba kugawa thandizo, ndipo funso loyamba linali lakuti: ovutika kwambiri ndi ati? Yankho la funso lotere silipezeka ku Lusaka. Lili ndi anyakwawa, atsogoleri a miphakati ndi magulu a amayi, amene adziwa khomo la nkhalamba ndi la ana amasiye.

Conco abale ndi alongo, tikatuluka m'chalichi Sondo ino tisathamangire kunyumba. Tifunsane kuti m'komiti ya wadi yathu muli ayani, kopaletivi yathu inawerengetsa liti ndalama pamaso pa mamembala, ndiponso ngati maina a osowa m'mphakati mwathu analembedwa. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mafuwa aikidwa kale. Nkhuni ndi moto ziyembekeza ife.