Mchere, pensulo ndi dayamondi: funso la kasanjidwe ka maatomu

Mayeso a MSCE ali pakhomo, ndipo gawo lina la Chemistry limene limalanda ana athu malikisi ndi lonena za zinthu zolimba. Ambiri amangoloweza kuti dayamondi ndi wolimba, girafaiti ndi wofewa, basi. Koma a MANEB amafunsa chifukwa chake, ndipo chifukwacho chagona pa mmene tinthu ta m'kati tasanjidwira.

Tiyambe ndi mchere wa m'ndiwo. Thirani timibulu tochepa pa nsalu yakuda, muone bwino: tambiri n'tamakona ngati tibokosi. M'kati mwake, ayoni iliyonse ya sodiyamu, yomwe ndi ya positive, yazunguliridwa ndi maayoni 6 a kolorayidi, omwe ndi a negative. Nayo ya kolorayidi yazunguliridwa ndi 6 a sodiyamu, mobwerezabwereza ngati njerwa pa khoma. Kukokana kumeneku n'kwamphamvu, moti mchere umafuna kutentha kwa madigiri 801 kuti usungunuke. Shuga sali choncho. Iye ndi mamolekyulu ogwirana mofooka, n'chifukwa chake pa chiwaya sachedwa kuchita madzimadzi.

Pano tichenjeze. M'Chichewa timati "kusungunuka" kaya ndi pa moto kaya ndi m'madzi, koma pa mayeso melting ndi dissolving ndi zinthu ziwiri. Magetsi sadutsa mu mchere wouma chifukwa maayoni amangika pamalo pawo. Amadutsa mcherewo ukasungunuka, mwa njira iliyonse mwa ziwirizi, popeza maayoni amasuka ndipo akuyenda. Wolemba kuti "maelekitironi akuyenda" pa funso la mchere walemba m'madzi.

Dayamondi ndi girafaiti onse ndi kaboni yekhayekha, ndiwo ma allotropes amene mumawamva m'kalasi. Mu dayamondi atomu iliyonse yagwirana ndi zinzake 4 ndi ma covalent bond, mbali zonse, popanda pofooka. Maelekitironi onse akunja ali pa ntchito yogwira, kotero magetsi sadutsa. Mu girafaiti atomu yagwirana ndi 3 zokha, n'kupanga timphete ta makona 6 toyalika ngati mphasa. Mphasa iliyonse payokha ndi yolimba, koma zangosanjikizana mofooka, ndiye zimatererana. Mukamalemba ndi pensulo, mphasa zimenezi ndizo zikutsalira pa pepala. Elekitironi yachinayi ija, yosowa pogwira, imayenda momasuka, ndipo ndi imene imanyamula magetsi. Choncho yankho lokwanira litchule zonse ziwiri: kulimba kwa m'kati mwa mphasa ndi kufooka kwa pakati pa mphasa.

Musaganize kuti izi ndi za kunja kokha. Ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals yapeza girafaiti wochuluka m'nthaka, ndipo dziko lapansi likumufuna popangira mabatire a mafoni ndi a magalimoto a magetsi. Kuno ku Salima, mchenga wa ku Senga Bay wambiri ndi quartz, momwe silikoni ndi okosijeni zalukana mbali zonse, motero ndi wolimba ndipo susungunuka m'madzi. Mu quartz ndimo mumachokera silikoni wopangira masola, monga aja a ku Nanjoka a mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021. Maatomu a silikoni ameneyu asanjika chimodzimodzi a mu dayamondi.

Makolo, pali thandizo losafuna ndalama. Mwana asungunule mchere m'madzi otentha mpaka wina uzingotsalira pansi, atsanulire madzi apamwambawo m'mbale yosaya, aike pamthunzi posagwedezeka. Pakapita masiku angapo timibulu tamakona tiyamba kuoneka, ndipo madziwo akauma pang'onopang'ono timakula bwino. Ajambule zimene waona m'kope, alembe Na+ ndi Cl- mosinthanasinthana, abwere nazo kusukulu.