Mkono Ukatupa Pambuyo pa Opaleshoni ya Khansa ya M'mawere

Achinyamata amene timayendera odwala m'midzi tinazolowera kuona zizindikiro za Edzi monga kuonda, mashingozi ndi chifuwa chosatherapo. Koma pali vuto lina limene tikukumana nalo m'makomo momwemo. Mayi anachotsedwa bere chifukwa cha khansa, bala linapola bwinobwino, koma patapita miyezi kapena zaka, mkono wa mbali yomweyo wayamba kutupa ndi kulemera. Kuchipatala vutoli amati lymphoedema.

M'thupi mwathu muli timitsempha tina, tosiyana ndi ta magazi, timene timachotsa madzi m'minofu. Madziwa amadutsa mwa anabere, aja amatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda. Khansa ya m'mawere imakonda kufalikira mwa anabere a m'khwapa, choncho dokotala pochotsa bere amachotsanso anaberewo. Kuno kwathu amayi ambiri amafika ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central matenda atakula kale, ndiye ochotsedwawo amakhala ambiri. Chithandizo chootcha khansa ndi makina nacho chimatha kuononga timitsemphati. Tonse tikudziwa zimene madzi amachita m'munda ngalande ikatsekeka. N'zimene zimachitika mu mkonomo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana akuonetsa kuti mwa amayi asanu amene alandira chithandizo cha khansa imeneyi, pafupifupi mmodzi amatupa mkono.

Pamudzi nkhani sizichedwa. Ena amati mayiyo walodzedwa, ena amati ndi Edzi. N'zoona kuti khansa ya pakhungu ya Kaposi, imene imagwira kwambiri anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, imatupitsa miyendo. Koma khansa ya m'mawere sibwera ndi kachilomboka, ndipo kutupa kwa mkonoku sikupatsirana. Mukhoza kudya naye mbale imodzi, kumusambitsa ndi kumugwira dzanja popanda mantha.

Choopsa kwambiri ndi mphini. Achibale, mwa chikondi chawo, amamutengera mayiyo kwa sing'anga kuti akamuteme, ati madziwo atuluke. Madziwo satha, koma majeremusi amapeza khomo, ndipo mkono umene unachotsedwa anabere sulimbana nawo bwino. Lezala lobwerekana lija tikulidziwa kale kuti limafalitsanso HIV. Mkono ukafiira, ukatentha, ukayamba kuwawa ndipo mayiyo akumva kuzizidwa ngati malungo, apite kuchipatala tsiku lomwelo akalandire mankhwala opha majeremusi. Asadikire kuti kuche kawiri.

Ngakhale kutupa kumene kukungoyamba, kosawawa, akuone kaye dokotala, chifukwa nthawi zina kumakhala kuundana kwa magazi mu mtsempha kapena khansa imene yabwereranso.

Vutoli kawirikawiri silitheratu, koma limachepa likasamalidwa msanga. Mapiritsi okodzetsa sathandiza kwenikweni. Chithandizo chake chili m'manja mwa a fiziyo, amene amapezeka m'zipatala zikuluzikulu. Iwo amakulunga mkono ndi mabandeji kuyambira ku zala kukwera m'mwamba, kenako amapereka chovala chothina cha pamkono ngati chilipo. Amaphunzitsanso kusisita khungu pang'onopang'ono kuti madzi ayende kulowera ku phewa. Kumeneku si kuthowa ndi madzi otentha kapena kufinya kumene timachita munthu akabinya, chifukwa kutentha kumaonjezera kutupa. Ndipo musamange mkonowo ndi mpira kapena kansalu kothina malo amodzi.

Zambiri ndi za pakhomo. Asambe mkonowo tsiku ndi tsiku, aupukute bwino mpaka pakati pa zala, ndi kudzola mafuta monga Vaseline kuti khungu lisang'ambike. Asamale ndi moto pophika ndiponso minga kumunda, agone mu neti, avule mphete ndi zibangili zothina. Popuma atsamiritse mkonowo pa pilo kuti ukwere. Kale amayi oterewa ankauzidwa kuti mkonowo asaugwiritse ntchito, koma kafukufuku wa mu 2009 ku America anaonetsa kuti kuulimbitsa pang'onopang'ono sikuonjezera kutupa. Choncho azifumbata ndi kutambasula zala, azikweza mkono, azigwira ntchito zopepuka. Ndowa ya malita 20 ndi musi, izo tiyambe tamulandira ife.

Ngati mayiyo ali pa ma ARV, apitirize kumwa mosadumphitsa. Akapita kukayezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, amuuze namwino za opaleshoniyo kuti, ngati n'kotheka, atenge magazi pa mkono winawo.

Pomuyendera, bwerekani tepi ya telala. Yezani mikono yonse iwiri pamalo ofanana, m'munsi ndi m'mwamba mwa chigongono, kamodzi pamwezi, ndipo lembani mukope. Mukaona kuti kusiyana kukukula, mudziwitseni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndipo kopelo apite nalo kuchipatala.