Nyanja sili kutali ndi Mzimba

Usipa womwe amayi amagula pamsika wa Jenda kapena pa Mzimba boma umachokera kunyanja, koma ana ambiri amene amadyera nsima ndiwo imeneyi sadaionepo nyanjayo ndi maso.

Chonsecho alendo amachoka kutali, ena ku Ulaya, kudzayenda panyanja ya Malawi ndi maboti a matanga. Mpikisano wa mabotiwa, womwe udayamba mu 1984, udatchuka poyamba ulendo kummwera kwa nyanja m'mwezi wa July nkumalowera kumpoto motengedwa ndi mphepo ya mwera. Pomwe ena ali pamadzi, anzawo amawatsatira pagalimoto mumsewu wa m'mbali mwa nyanja wa M5.

Msewu womwewo ngotseguka kwa banja la ku Embangweni, Edingeni kapena Khosolo, ndipo sulira chiphaso.

Mukachoka pa boma mumalowa mumsewu wa M1, kudutsa nkhalango ya paini ya Chikangawa mpaka ku Mzuzu. Apa mpoyambira M5. Pasanathe ola limodzi mukutsetsereka, juzi lomwe mudavala ku Viphya limayamba kulemera, ndipo nyanja imaonekera pa Nkhata Bay.

Padokoli mpomwe imakocheza Ilala, sitima yomwe idapangidwa ku Scotland ndipo idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Likakhala tsiku lake, ana amaona katundu ndi anthu a ku Likoma ndi Chizumulu akukwera ndi kutsika.

Kulowera kummwera, msewu umadutsa m'minda ya mitengo ya labala ya Vizara usanafike pa Chintheche, pomwe pali mchenga woyera mbee.

Munthu wa ku Mzimba asadutse pa Bandawe osaima. Mu 1881 Dr Robert Laws adasamutsira mishoni ya Livingstonia pamalowa kuchoka ku Cape Maclear. Masiku amenewo Atonga a m'mbali mwa nyanja ankakhala mwamantha ndi nkhondo za Angoni a Inkosi M'mbelwa. Kuchokera pa Bandawe pomwepa, mlaliki William Koyi wa ku South Africa, yemwe ankamvana chilankhulo ndi Angoniwo, adakwera mapiri nkukakhazikika ku Njuyu mu 1882. Mishoni ya Loudon ku Embangweni, yomwe Donald Fraser adatsegula mu 1902, ndi chipatso cha njira imeneyi.

Mukapitirira Kande ndi Dwambazi mumalowa m'minda ya nzimbe ya Dwangwa, kenako Nkhotakota, komwe David Livingstone adakumana ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, mu 1863.

Pobwerera palibe chifukwa chobwereza njira. Msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, momwe mudasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Mukatulukira ku Kasungu, M1 imakubwezerani kwanu kudzera pa Jenda.

Komatu nyanja si dambo la mtsinje wa Rukuru. Mwera womwe umasangalatsa eni maboti a matanga ndi womwewo umagubuduza mabwato, makamaka pakati pa May ndi August. Asodzi akakana kulowa m'madzi, mlendo asachite makani. Boti likadzaza kapena likakhala lopanda majekete oyandamitsa, ndi bwino kudikira lina.

Ana asambe pafupi ndi gombe, wamkulu ali pomwepo, ndipo apewe madzi odekha a m'mabango momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Usiku aliyense agone m'masikito chifukwa kunyanja udzudzu ndi wambiri kuposa kumapiri.

Abale a ku Joni akabwera patchuthi cha Khrisimasi ndi galimoto, masiku atatu ngokwanira kuzungulira njira yonseyi. Mwana yemwe waona asodzi akuyatsa nyali pamadzi usiku sadzafunsanso komwe usipa umachokera.