Nyali za Galimoto Zikavuta, Yambani Mwaganiza

Aliyense amene adayendapo usiku pa mseu wa M1 akudziŵa galimoto za mitundu iŵiri zimene zimaika miyoyo pachiswe. Ina imadza ndi diso limodzi, ndipo wokumana nayo amayesa njinga yamoto, naisiyira malo ochepa. Ina imadza ndi nyali zothobwa m'maso, pakuti dimu idafa ndipo dalaivala watsala ndi fulu yokha. Wothobwedwayo kwa kamphindi saona wapanjinga kapena woyenda pansi m'mphepete mwa mseu. Komatu matenda ameneŵa savuta kuwapeza, malinga munthu adziŵe njira imene magetsi amatsata.

Magetsi amachoka ku batire la mavoti 12, nadzera pa fyuzi, pa switchi ndi pa kachipangizo kotchedwa relay, kufikira ku babu. Akachoka pa babu amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, ndipo njira yobwererayi amakaniko amaitcha ethi. Babu la H4, limene lidatuluka ku Ulaya m'chaka cha 1971, lili ndi timawaya tiŵiri toyaka m'galasi limodzi: ka fulu ka mawati 60, ndi ka dimu ka mawati 55. Kumbuyo kwake kuli miyendo itatu: wa fulu, wa dimu, ndi wachitatu umene timawaya tonse tiŵiri timagaŵana.

Pajatu akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanagule kanthu kalikonse, imikani galimoto moyang'anizana ndi khoma, muyatse dimu, kenaka fulu, muonetsetse chimene chikuyaka ndi chimene sichikuyaka. Mmene vutolo likuonekera ndimo mmene likuuzirani kumene labisala.

Ngati dimu yafa mbali imodzi koma fulu ikuyaka, kaŵirikaŵiri kawaya ka m'babu ndiko kapsa. Sinthanitsani mababu, lakumanja lipite kumanzere. Vuto likasamuka pamodzi ndi babu, mlandu watha, ndipo simunataye ngakhale tambala pofufuza.

Ngati dimu yafa mbali zonse ziŵiri nthaŵi imodzi, kayikirani chimene mbali zonsezo zimagaŵana: fyuzi, relay kapena switchi ya pachiwongolero. Relay yamoyo imamveka kuti "tha" mukayatsa nyali. Komabe musaiŵale kuyang'ana mababu, pakuti timawaya ta dimu timagwira ntchito nthaŵi yaitali, ndipo nkutheka kuti kena kadapsa kale mwini wake osazindikira.

Ngati nyali imodzi yazimiratu, fulu ndi dimu zomwe, yang'anani fyuzi ya mbali imeneyo ndi pulagi ya kumbuyo kwa babu. Ngati ikuyaka mofooka, mofiirira ngati koloboyi, ethi yachita dzimbiri kapena yakhwepa. Masulani waya pamene wamangidwa ku chitsulo, mupale ndi sandipepa kufikira paŵale, mumangenso zolimba.

Fyuzi ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, dziŵani kuti penapake waya wanyuka ndipo akukhudza chitsulo. Amene amalumikiza fyuzi ndi kawaya, kapena ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, wachotsa mlonda pakhomo. Chotsatira chake mawaya amatentha, ndipo galimoto ingathe kugwira moto. Chimodzimodzinso amene amaika mababu a mawati 100 pofuna kuŵala kwambiri. Babu la mawati 55 limakoka pafupifupi maampu 5, pamene la mawati 100 limakoka oposa 8, ndipo pulagi ndi switchi zimene sizidapangidwire katundu wotere zimasungunuka.

Nanga mababu akamangopsa pafupipafupi? Pemphani makaniko ayeze mphamvu ya magetsi pa batire injini ikulira. Iyenera kukhala pafupifupi mavoti 14. Ikapyola 15, alternator ikutumiza magetsi opyola muyeso. Ndiponso galasi la babu la halogen lisagwidwe ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amachititsa kuti litenthe mosiyanasiyana ndi kufa msanga.

Potsiriza, bwererani ku khoma lija. Popeza m'Malaŵi galimoto zimayenda kumanzere, dimu yabwino imaŵeramira pansi, nikwera pang'ono chakumanzere kuti iunikire m'mphepete mwa mseu popanda kuthobwa obwera kutsogolo. Babu likakhala mopendekeka m'malo mwake, dimu imasanduka fulu ngakhale mawaya onse ali bwino.

Aphunzitsi a sayansi apeza pano phunziro la kayendedwe ka magetsi limene ana angalione ndi maso. Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukulakalaka ntchito ya umakaniko, kumbukirani kuti mmisiri wodalirika amayamba wafunsa kuti, "Magetsi aima pati?" asanauze mwini galimoto kuti akagule kanthu.