Sitima ndi Ndege Zankhondo pa Nyanja ya Niassa

Ife a ku Mecanhelas timadziwa bwato, nkhafi ndi ukonde. Nyanja zathu za Chiuta ndi Chilwa ndi zosaya, ndipo sitima yaikulu singayendemo. Koma chakumpoto kwathu kuli nyanja yaikulu ya Niassa, imene anzathu a ku Malawi amaitcha Nyanja ya Malawi. Pa nyanja imeneyi panayenda sitima zankhondo pa nkhondo ziwiri. Tiyeni tiphunzire mmene zinafikira, ntchito imene zinagwira, ndi anthu amene anavutika nazo.

Sitima zinabwera pamutu

Sitima singachoke ku nyanja yamchere ndi kulowa yokha m'nyanja ya Niassa. Mtsinje wa Shire uli ndi mathithi. Choncho atsamunda ankapanga sitima ku Ulaya ndi kuitumiza m'zidutswa. Zidutswazo zinkakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Pofika pa mathithi, anthu akuda ankazisenza pamutu ulendo wa masiku angapo. Kumtunda kwa mathithi amisiri ankazilumikiza.

Umu ndi mmene Ajeremani anabweretsera sitima yao yotchedwa Hermann von Wissmann, imene inayamba kuyenda mu 1893. Patapita zaka zochepa Angerezi anamanga yao, Gwendolen, ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi.

Nkhondo ya 1914

Mu Ogasiti 1914 Angerezi ndi Ajeremani anayamba kumenyana ku Ulaya. Boma la Angerezi ku Nyasaland linalamula Kaputeni Rhoades wa Gwendolen kuti akafune sitima ya Ajeremani. Anaipeza pa doko la Sphinxhaven, lero Liuli, ku Tanzania. Inali pamtunda, akuikonza. Gwendolen inaombera mzinga ndipo inailasa.

Kaputeni Berndt wa Ajeremani anali mnzake wa Rhoades, ndipo sanadziwe kuti nkhondo yayamba. Anakwera bwato ali wokwiya, kukafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Pomwepo anagwidwa. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ndi kuiphulitsa sitimayo kuti isayende. Mzinga wa Gwendolen anausunga ku Mangochi.

Nkhani iyi imaseketsa, koma zotsatira zake sizinali zoseketsa. Nyanja yonse inakhala m'manja mwa Angerezi. Sitima zao zinanyamula asilikali, mfuti ndi chakudya kupita ku Karonga. Pamene sitima inalekezera, pankayambira munthu. Amuna zikwizikwi anagwidwa m'midzi kuti akhale amtengatenga, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Mu Novembala 1917 asilikali a Ajeremani anaoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano ndi kulowa m'dziko lathu. Magulu onse omenyana ankalanda chakudya m'nkhokwe za alimi.

Nkhondo ya ufulu

Pa 25 Seputembala 1964 FRELIMO inayamba nkhondo yomenyera ufulu. Ankhondo athu ndi zida zao zinkachokera ku Tanzania, ndipo njira ina inali ya m'mbali mwa nyanja. Apwitikizi anafuna kutseka njira imeneyi. Anamanga malo a asilikali apamadzi ku Metangula. Sitima zao zazing'ono zankhondo anazikweza pa sitima yapamtunda kuchokera ku gombe la nyanja yamchere. Zinadzera ku Nova Freixo, lero Cuamba, mpaka ku Catur. Kuchokera pamenepo anazikoka pa msewu mpaka ku Meponda, ndi kuzitsitsira m'madzi.

Sitima zimenezi zinkalondera gombe, kuimitsa mabwato a asodzi, ndi kutsitsa asilikali pafupi ndi midzi. Mabanja ambiri anathawira ku chilumba cha Likoma ndi madera ena a Malawi. Ena anatsekeredwa m'midzi yolondera imene atsamunda anamanga.

Ndege ndi oziyendetsa

Atsamunda anali ndi ndegenso. Ku Cuamba, pafupi ndi kwathu, kunali bwalo la ndege zankhondo. Poyamba ankagwiritsa ntchito ndege zakale zotchedwa T-6, zouluka pang'onopang'ono. Kenaka, kumapeto kwa 1968, anabweretsa ndege za jeti zotchedwa Fiat G.91. Portugal inagula ndege 40 za mtundu umenewu ku West Germany. Zina zinkakhala ku Nacala, zina ku Tete.

M'ndege ya Fiat munkakhala munthu mmodzi yekha. Iye yemweyo ankaiyendetsa, kujambula zithunzi za pansi, kuombera mfuti ndi kuponya mabomba. Inkatha kuuluka makilomita pafupifupi 1,000 pa ola limodzi. Liwiro limeneli linali mphamvu yake, komanso vuto lake. Wothamanga chotero sangaone munthu wobisala pansi pa mitengo. Chimene amaona ndi munda, denga laudzu ndi utsi. Nchifukwa chake mabomba ambiri anagwera minda ndi midzi. Anthu anaphunzira kulima timinda tating'ono tobisika, ndi kuphika mosaonetsa utsi masana.

Cha m'ma 1973 FRELIMO inalandira chida chotchedwa Strela. Munthu mmodzi amachinyamula paphewa, ndipo bomba lake limatsata kutentha kwa injini ya ndege. Kuyambira pamenepo oyendetsa ndege anayamba kuuluka mwamantha.

Mapeto ake

Atsamunda anali ndi nyanja, anali ndi mlengalenga, koma analibe anthu. Sitima siingakwere phiri. Ndege siingagone m'mudzi. Amene ankadziwa njira, kusenza katundu usiku ndi kudyetsa ankhondo anali alimi ndi asodzi. Nkhondo inatopetsa asilikali a Portugal, ndipo pa 25 Epulo 1974 anagwetsa boma lao ku Lisbon. Pangano la ku Lusaka linasainidwa pa 7 Seputembala 1974. Pa 25 Juni 1975 Mozambique inalandira ufulu.

Mabuku ambiri analemba maina a sitima ndi a akaputeni. Maina a amene anasenza zitsulo zija sanalembedwe. Ife amene tikuphunzira kulemba, tifunse akuluakulu a m'midzi mwathu zimene anaona ndi zimene anamva kwa makolo ao, ndipo tizilembe.

Mafunso

1. Kodi sitima zinkafika bwanji pa nyanja ya Niassa?
2. Nchifukwa chiyani Apwitikizi anaika sitima zankhondo ku Metangula?
3. Nchifukwa chiyani mabomba a ndege ankagwera minda ndi midzi?