Oilo Ikaoneka Ngati Tiyi wa Mkaka, Imani Kaye a Dalaiva

Mvula ikangoyamba, ma Hilux onyamula nthoci ku Nyimba ndi feteleza wa ku midzi ya Petauke amasiya tara ya Great East Road n'kulowa m'matope ndi m'tumitsinje. Oilo ya injini aliyense amaiyang'ana. Koma ya mu transfer case, bokosi lija logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo mukaika 4x4, ambiri timaikumbuka pokhapo layamba kulira.

Mukaoloka mtsinje bokosi lili lotentha, limazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa breather. Ndiye uzani a makaniko akhetseko pang'ono m'botolo loonekera mkati. Ikakhala ngati tiyi wa mkaka, muli madzi. Sinthani lero lomwe, osati kudikira month end. Ikanunkha copserera, yatha nchito. Gwiraninso pa plug: kafumbi kofewa ka citsulo si nkhani yaikulu, koma tuzidutswa tobaya cala ndiye kuti ma bearing kapena magiya ayamba kudyeka.

Ku migodi ya ku Copperbelt oilo amaitumiza ku labu kukapima citsulo, fumbi ndi madzi. Ise a garage ya pansi pa mtengo, botolo ndi maso n'zokwanira poyamba. Ndipo mu Hilux bokosi limeneli silimwa ngakhale malita 2.